Phunziro: Momwe BP ya pa Mimba ndi Kubereka Zimasinthira Kuundana kwa Magazi

Phunziro lathu lero ndi la magazi a mayi wapakati. Ndalikonzera inu amene mumayenda ndi amayi m'midzi ya ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma: alangizi a zaumoyo, amayi a m'magulu a uchembere wabwino, apongozi, ndiponso abambo amene mumakweza akazi anu panjinga popita kusikelo. Funso loti tiyankhe ndi ili: zimatheka bwanji kuti matenda amodzi omwewo, BP yokwera ya pa mimba, achititse mayi wina kutaya magazi osaleka pochira, pomwe mayi wina magazi akumuundana m'mwendo atabwerera kale kunyumba? Pongomva zimaoneka ngati zotsutsana. Koma gwero lake ndi limodzi, ndipo mukalimvetsa mudziwa chifukwa chake anamwino amaumirira zinthu zina zimene kumudzi timaziyesa zongochedwetsa anthu.

Magazi amaundana bwanji

Tiyambire pa munthu wabwinobwino amene wadzitema ndi chikwanje. Zinthu zitatu zimachitika motsatizana. Mtsempha wodukawo umafinyika kuti pakamwa pake pachepe. Kenaka timaselo ting'onoting'ono ta m'magazi, totchedwa mapulateleti, timathamangira pabalapo ndi kumamatirana mpaka kutseka kabowoko. Pomaliza, zinthu zina zimene chiwindi chimapanga ndi kuzithira m'magazi zimadzutsana, china kudzutsa chinzake, mpaka chotchedwa fibrinogen chisanduke timaulusi tolimba tolukana pamwamba pa mapulateleti aja. Apo ndiye timati magazi aundana, ndipo bala lauma.

Thupi lilinso ndi zinthu zoletsa kuti kuundanaku kusapitirire malire, ndi zina zosungunula magazi oundana ntchito yawo ikatha. Chachikulu mwa zotetezazi ndi kakhungu kosalala kamene kamakuta mkati mwa mtsempha uliwonse. Kakhunguka kakakhala kabwino, mapulateleti amadutsa osamata. Kakangopweteka, amamata pomwepo. Kakhungu kameneka mukakumbukire, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pa iko.

Munthu wathanzi amakhala ndi mapulateleti pakati pa 150,000 ndi 400,000 m'kadontho kakang'ono kwambiri kamene a mu labu amayezera. Nambala imeneyi tiyifunanso kutsogoloku.

Zimene mimba imasintha

Mayi akaima, thupi lake limayamba kukonzekera tsiku lochira miyezi isanakwane. Magazi amachuluka, mpaka kuwonjezeka ndi magawo 40 kapena 50 pa 100 alionse pofika kumapeto. Fibrinogen, amene mwa munthu wamba amakhala magalamu 2 mpaka 4 pa lita imodzi ya magazi, amakwera kufika 4 mpaka 6. Zoundanitsa zinanso zimakwera, chimodzi mwa zoletsa kuundana chotchedwa protein S chimatsika, ndipo nsengwa imatulutsa zinthu zochedwetsa kusungunuka kwa magazi oundana. Mwachidule, magazi a mayi wapakati aliyense, ngakhale wathanzi, sachedwa kuundana.

Izi zili ndi chifukwa chomveka. Kumapeto kwa mimba, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero pa mphindi iliyonse kukadyetsa mwana. Nsengwa ikamatuka, pamalo pamene inamata pamatsala bala lalikulu, mitsempha ili kukamwa yasa. Popanda chotseka, mayi angathe kutha magazi m'mphindi zowerengeka. Choyamba kutseka ndi chiberekero chenichenicho: chimakungana ndi kulimba, ndipo minofu yake imafinya mitsempha ija. Kuundana kwa magazi kumabwera pambuyo kudzamaliza ntchito. Ziwirizi zikayenda bwino, mayi amataya magazi osakwana theka la lita ndipo amakhala bwino.

Kukonzekera kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mayi wapakati ali pachiopsezo cha kuundana magazi m'mitsempha kanayi kapena kasanu kuposa mnzake wa msinkhu womwewo amene alibe pakati, ndipo m'masabata oyamba atachira chiopsezocho chimakwera koposa pamenepo.

Preeclampsia ndi chiyani

Awa ndi matenda a BP yokwera ya pa mimba aja, amene amabwera mimba ikapitirira masabata 20. BP imafika 140/90 kapena kuposa, ndipo kawirikawiri mu mkodzo mumapezeka mapulotini, kusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Ikafika 160/110, ndiye kuti matenda akula. Akafika poti mayi wayamba kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, madokotala amawatcha eclampsia. Bungwe la World Health Organization (WHO) limati matendawa amagwira amayi 2 mpaka 8 pa amayi 100 alionse oyembekezera.

Ambiri timaganiza kuti vuto ndi BP yokha. BP ndi chizindikiro chimene tingathe kuchiyeza mosavuta, koma matendawa amayambira ku nsengwa. M'miyezi yoyambirira ya mimba, mitsempha ya chiberekero yopita ku nsengwa imayenera kutanuka ndi kufewa kuti magazi azidutsa ambiri. Mwa amayi ena kutanukako sikutheka bwino. Nsengwa imalandira magazi ochepa, imavutika, ndipo imayamba kuthira m'magazi a mayi zinthu zowononga. M'chaka cha 2003, akatswiri a ku Boston, m'dziko la America, motsogozedwa ndi Ananth Karumanchi, anasonyeza kuti chimodzi mwa zinthuzi, chotchedwa sFlt-1, chimachuluka mwa amayi odwala matendawa. Chimene zinthuzi zimapweteka ndi kakhungu kosalala kaja, ndipo zimakapweteka m'thupi lonse: mu ubongo, m'chiwindi, mu impso, m'maso, m'mapapo.

Tsopano lumikizani ndi zimene tanena kale. Kakhungu kakapweteka, mitsempha imafinyika, ndiye BP imakwera. Mitsempha imachucha madzi, ndiye nkhope ndi manja zimatupa, ndipo mapulotini amatulukira mu mkodzo. Ndipo mapulateleti, poona mabala ang'onoang'ono paliponse m'mitsempha, amayamba kumata. Amagwira ntchito yawo mokhulupirika, koma pamalo olakwika ndi pa nthawi yolakwika.

Apa ndi pamene pali mtima wa phunziro lathu. Ife alimi timadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe timasungira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Anankafumbwe akalowa m'nkhokwemo mu Okotobala, kunja nkhokwe imaoneka yodzaza, koma njala ikafika mupeza gaga yekhayekha. Mapulateleti ndi fibrinogen zimene thupi linasungira tsiku lochira zimatha chimodzimodzi, mwakachetechete, m'timitsempha tosaoneka ndi maso. Mayi amafika pa bedi lochirira zoundanitsa magazi zitatha kale. Choncho kuundana kochuluka m'kati ndi kumene kumabala kutaya magazi kunja.

Matenda akakula

Pali mtundu woopsa wa preeclampsia umene dokotala wina wa ku America, Louis Weinstein, anaupatsa dzina loti HELLP m'chaka cha 1982. Umadziwika ndi zinthu zitatu zochitika pamodzi. Maselo ofiira a magazi amang'ambika podutsa m'timitsempha modzaza timaulusi toundana tija, ndipo mkodzo umatha kuda. Chiwindi chimatupa chifukwa timitsempha take tatsekeka. Ndipo mapulateleti amatsika kufika pansi pa 100,000, nthawi zina pansi pa 50,000.

Ndikufuna muchigwire bwino chizindikiro cha chiwindi, chifukwa chimanyenga anthu ambiri. Mayi amamva kupweteka pamwamba pa mimba, pansi pa nthiti za kumanja kapena pakati penipeni pa chifuwa m'munsi, nthawi zina ndi mseru ndi kusanza. Kunyumba timati ndi chilungulira, kapena zilonda za m'mimba, kapena mwana akuponda. Mayi wa miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu amene akudandaula ululu wotere ayenera kukayezedwa BP ndi mkodzo tsiku lomwelo. HELLP imatha kubwera ngakhale BP isanakwere kwambiri, ndipo imatha kuyamba mayi atachira kale.

Vuto lachiwiri ndi kumatuka kwa nsengwa mwana asanabadwe. BP yokwera ndi imodzi mwa zinthu zimene zimachititsa zimenezi. Mimba imalimba gwa, imapweteka osalekeza, mwana amasiya kusewera. Magazi akuda amatha kutuluka, koma nthawi zina amabisala kuseri kwa nsengwa, ndipo mayi amafooka ndi kuyera m'maso popanda wina kuona dontho pa chitenje. Magazi oundana kuseri kwa nsengwako amadya fibrinogen wambiri, ndipo nsengwa yovulalayo imathira m'magazi zinthu zodzutsa kuundana m'thupi lonse. Zikafika apa, madokotala amati ndi DIC. Mayi amatuluka magazi m'nkhama, pamene abayidwa jekeseni, pamene alowetsa diripi, ndipo magazi otuluka kumusi amakhala amadzimadzi, osaundana.

Anamwino ali ndi njira yoyezera zimenezi pomwepo pabedi, ngakhale pachipatala chopanda labu. Amatenga mamililita 2 a magazi a mumtsempha, kuwaika m'kabotolo kagalasi kouma, ndi kukafumbata m'manja kuti katenthe. Pakatha mphindi 4 amakapendeketsa pang'ono, kenaka mphindi iliyonse. Ngati pofika mphindi 7 magazi sanaundane, kapena aundana mofewa ndi kusweka msanga, ndiye kuti zoundanitsa zatha. Mukaona namwino wafumbata kabotolo akuyang'ana wotchi, dziwani kuti akuyeza chinthu chimene chingasinthe chithandizo chonse.

Tsiku lochira

Mankhwala enieni a preeclampsia ndi kubadwa kwa mwana ndi kutuluka kwa nsengwa. Zina zonse ndi zoteteza mayi kufikira nthawiyo. N'chifukwa chake madokotala amayambitsa kubereka kapena kuchita opaleshoni masiku asanakwane: mimba ikafika masabata 37 kwa mayi amene matenda sanakule, ndipo msanga kuposa apo ngati akula. Mayi akakomoka kale, malangizo a WHO amati achire pasanathe maola 12. Ndikudziwa kuti kwa apongozi ndi abambo mawu oti "mwana atuluke lero" mimba isanakwane amalasa mtima. Koma tsiku lililonse lodikira, mapulateleti akupitirira kutha.

Pali mankhwala a mitundu iwiri amene anthu amawasokoneza. Otsitsa BP ndi monga methyldopa, nifedipine ndi hydralazine, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuteteza kuti mtsempha wa mu ubongo usaphulike. Taganizani mayi amene BP yake ili 170/115, mapulateleti ali ochepa: mtsempha ukaphulika m'mutu palibe chotseka. Mtundu wachiwiri ndi magnesium sulphate, jekeseni wowawa uja wobaya m'matako onse awiri pamodzi ndi wa mumtsempha. Ameneyu ntchito yake ndi kuletsa kukomoka. Kafukufuku wotchedwa Magpie, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 atayesa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa kukomoka ndi theka kapena kuposerapo. Mayi wolandira mankhwalawa amamva kutentha thupi lonse ndi kufooka. Musachite mantha ndipo musamuuze kuti akane. Mzamba wa pachipatala chaching'ono amapereka jekeseni woyamba asanamukweze mu ambulansi, ndipo ndi wolondola potero.

Dokotala asanachite opaleshoni amafuna kudziwa nambala ya mapulateleti. Chifukwa chimodzi ndi bala la opaleshoniyo. China ndi jekeseni wapamsana wochititsa dzanzi: mapulateleti akakhala ochepa kwambiri, magazi angathe kutuluka pafupi ndi mtsempha wa msana ndi kuupanikiza, choncho amasankha kumugoneka tulo. Kudikira zotsatira za labu pa nthawi yotere kumaoneka ngati kuchedwa, koma kuli ndi chifukwa.

Mwana akangobadwa, mzamba amabaya mayi jekeseni wa oxytocin kuti chiberekero chikungane. Mayi aliyense amalandira, koma kwa wa preeclampsia ndi wofunika koposa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba tachinena: zoundanitsa zake ndi zochepa. Chachiwiri ndi chakuti magazi ake sanachuluke ngati a anzake, popeza madzi ambiri anachuchira m'minofu. Ngakhale akuoneka wotupa, m'mitsempha mwake muli magazi ochepa, ndipo theka la lita limene mayi wina angataye osamva kanthu, iye limamugwetsa. Palinso msampha wina: BP yake ikatsika kuchoka pa 160 kufika pa 110, wosadziwa angasangalale kuti wachira, pomwe mwina akutha magazi. Dziwaninso kuti mankhwala ena okunga chiberekero, otchedwa ergometrine, saperekedwa kwa mayi wa BP chifukwa amaikweza. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene buku la kusikelo liyenera kukhala m'chikwama nthawi zonse.

Magazi akapitirira theka la lita, pali mankhwala enanso otchedwa tranexamic acid, amene amaletsa magazi oundana kusungunuka msanga. Kafukufuku wotchedwa WOMAN, wa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, anasonyeza mu 2017 kuti akaperekedwa pasanathe maola atatu mayi atachira, imfa zobwera ndi kutaya magazi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola atatu akapita, phindu lake silionekanso. Tsopano werengani nokha: mayi wachirira kunyumba usiku m'mudzi wina kuseri kwa Kabudula, nyengo ya dzinja, msewu uli matope. Kufuna ngolo, kumanga ng'ombe, kudzutsa achibale, kufika pachipatala. Kodi maola atatu aja sakhala atatha musanafike n'komwe?

Zoundanitsa zikatheratu, chotsala ndi kumuika magazi. Magazi amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limasonkhanitsa amagawidwa m'zigawo: maselo ofiira, madzi a magazi owumitsidwa m'firiji amene muli fibrinogen, ndi mapulateleti. Mapulateleti amasungika masiku asanu okha, ndipo amafuna makina owagwedeza usana ndi usiku. N'chifukwa chake simungawapeze pachipatala chaching'ono. Mayi wa HELLP amayenera kukafika kumene kuli labu, fiyeta ndi magazi. Kuno kwathu ndiye kuti ku St. Gabriel's ku Namitete, chipatala chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, kapena mumzinda ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central, kumene kuli chipinda cha amayi cha Ethel Mutharika. Mzamba wa ku Nsaru, ku Nambuma kapena ku Chitedze akanena kuti "mayi awa apite kutsogolo", sakukana ntchito. Waona kuti chimene chikufunika palibe pamalopo.

Ndinene pano za mwanamphepo, chifukwa ndikudziwa kuti ena amamwabe mobisa ngakhale ali kuchidikiro. Mankhwalawa amakungitsa chiberekero mwamphamvu popanda muyezo, ndipo azamba akhala akuona chiberekero chikung'ambika ndi mwana akubanika chifukwa cha iwo. Kwa mayi amene zoundanitsa magazi zachepa kale, bala lotere ndi imfa. Agogo amene amapereka amachita mwachikondi, ndipo tiwafotokozere mwaulemu, koma tisabwerere m'mbuyo pa mfundoyi.

Atachira: vuto limatembenuka

Mwana wabadwa, magazi aleka, onse akusangalala. Apa ndi pamene timaiwala theka lachiwiri la nkhani. Patapita masiku ochepa, thupi limapanganso mapulateleti ndi fibrinogen ambiri, ndipo magazi amabwerera pokhala osachedwa kuundana, kuposanso kale. Zimatenga pafupifupi masabata 6 kuti abwerere mwakale.

Kalekale m'zaka za m'ma 1800, dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafufuza za magazi oundana m'mitsempha, ndipo lero ophunzira udokotala amaphunzira zinthu zitatu zoyambitsa vutoli pa dzina lake: magazi osachedwa kuundana, magazi oyenda pang'onopang'ono, ndi mtsempha wovulala. Mayi amene wangochira ali nazo zonse zitatu. Magazi ake tawafotokoza. Mitsempha ya m'chiuno mwake yapanikizika miyezi yambiri ndipo yavulala pochira. Akagona osayenda, magazi a m'miyendo amaima. Onjezani preeclampsia imene yapweteka kakhungu ka m'mitsempha, opaleshoni, kutaya magazi ambiri, kunenepa, kapena matenda a m'chiberekero otenthetsa thupi, ndipo chiopsezo chimakwera pa chilichonse mwa izi.

Magazi akaundana mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo, mwendo umodzi umatupa kuposa unzake, umapweteka, umatentha. Mwa amayi apakati ndi ongochira, kawirikawiri umakhala wa kumanzere, chifukwa cha momwe mitsempha inapingasirana m'chiuno. Kusiyana kwake ndi kutupa wamba kwa pa mimba n'kwakuti kutupa wamba kumagwira mapazi onse awiri mofanana ndipo kumaphwa mayi akagona. Choopsa ndi chakuti chibulumwa cha magazi chikathothoka chimayenda ndi magazi mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Mayi amabanika mwadzidzidzi, chifuwa chimabaya akamapuma, mtima umathamanga, nthawi zina amatsokomola magazi kapena kugwa pomwepo.

Chonde, mwendo wotere musausisite, musauthowe ndi madzi otentha, musautemere mphini. Kusisita kungathothole chibulumwacho. Munyamuleni mayiyo apite kuchipatala. Kumeneko amapereka jekeseni wa heparin, amene sadutsa kupita kwa mwana m'mimba. Mapiritsi a warfarin saperekedwa kwa wapakati chifukwa amawononga mwana, koma woyamwitsa angathe kumwa.

Mwambo wa chikuta ndi wabwino pa zambiri: mayi amapuma, mwana amatetezedwa kwa anthu ambiri, apongozi amaphika. Chimene ndikupempha n'chakuti kupuma kusakhale kugona tsiku lonse pamphasa. Mayi azidzuka, aziyendayenda m'nyumba ndi pakhonde, azimwa madzi ndi thobwa mokwanira. Wa opaleshoni anamwino amamudzutsa tsiku lotsatira lomwelo ngakhale bala likuwawa, ndipo cholinga chawo ndi chomwechi. Pa za kulera, mapiritsi okhala ndi estrogen saperekedwa m'masabata oyamba atachira, ndiponso sayenera mayi wa BP yokwera. Njira zina zilipo, akafunse kwa namwino.

Kumbukiraninso kuti BP imatha kukwera kapena kuyamba kumene mayi atachira, makamaka m'sabata yoyamba. Mutu waukulu mwa mayi wa m'chikuta si wa kusowa tulo kokha ayi. Akayezedwe.

Zimene tingachite m'midzi mwathu

Dziko lathu layenda ulendo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2010 anapeza kuti amayi 675 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439, ndipo anapezanso kuti amayi 91 pa 100 alionse ankachirira kuchipatala. Pa dziko lonse lapansi, kafukufuku wa WHO wa 2014 anasonyeza kuti kutaya magazi kumatenga pafupifupi 27 pa imfa 100 zilizonse za uchembere, ndipo matenda a BP pafupifupi 14. Mwaona lero kuti ziwirizi nthawi zambiri zimayendera limodzi mwa mayi mmodzi.

Chida chathu chachikulu ndi sikelo, ndipo iyambe msanga, m'miyezi itatu yoyamba. Kuyambira 2016, WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Preeclampsia imayamba mosamveka, mayi akulima bwinobwino m'munda wa fodya kapena wa mtedza, ndipo chimene chimaigwira ndi makina a BP ndi kapepala koviika mu mkodzo. Mayi akapita kusikelo, aonetsetse kuti BP yayezedwa ndi kulembedwa m'buku. Ngati makina awonongeka tsikulo, afunse kumene angakayezetse. Ndipo inu a m'makomiti a zipatala, makina a BP ogwira ntchito ndi timapepala ta mkodzo zikhale nkhani yoyamba pa msonkhano wanu.

Ena ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo: wa mimba yoyamba, mtsikana wamng'ono, mayi wopitirira zaka 35, wa mapasa, amene anadwalapo matendawa pa mimba ina, amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo, wa BP yakale, wa shuga, wa matenda a impso. Kwa amene chiopsezo chawo n'chachikulu, dokotala amatha kulemba asipulini wamng'ono wa mamiligalamu 75 tsiku lililonse, kuyambira mimba isanafike masabata 20. Amagwira ntchito pofewetsa kumata kwa mapulateleti. Uyu ndi wosiyana ndi asipulini wa mamiligalamu 300 wogula pa okala. Mayi wapakati asamwe asipulini wogula yekha, ngakhalenso ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa amafooketsa mapulateleti ndi kupweteka impso. Kumene chakudya chili ndi calcium wochepa, mapiritsi a calcium amathandizanso kupewa matendawa, ndipo usipa ndi matemba odyera pamodzi ndi minga yake ndi chakudya chabwino pa mbali imeneyi.

Mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar wa kusikelo ndi neti zikukhudzanso phunziro lathu. Malungo amatsitsa mapulateleti ndi kuchepetsa magazi. Mayi wofika tsiku lochira ali ndi magazi ochepa sapirira kutaya ngakhale pang'ono.

Zizindikiro zoti munyamuke nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ndi izi: mutu waukulu wosamva Panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, ululu wa pansi pa nthiti, kubanika, mkodzo wochepa kapena wakuda, kutuluka magazi m'nkhama kapena kumusi, mimba yolimba yopweteka, mwana kusiya kusewera, mwendo umodzi kutupa, ndi kukomoka. Mayi akakomoka, mugonekeni chammbali cha kumanzere, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo funani galimoto. Ndikudziwa kuti kutupa ndi kukomoka ena amati ndi tsempho kapena kulodzedwa, ndipo pamakhala kufunsana kuti walakwa ndani m'banja. Mafunso amenewo adikire. Nsengwa ndiyo yadwala, ndipo palibe wachimwa.

Abambo, gawo lanu ndi lalikulu. Ndalama ya ulendo isungidwe padera kuyambira pogulitsa mbewu, nambala ya foni ya wanjinga yamoto kapena wagalimoto ikhale yodziwika, ndipo mugwirizane ndi akuchikazi nthawi ikadalipo kuti tsiku la ngozi pasadzakhale kudikira malume kuti avomereze. Namwino akanena kuti mayi akadikirire kuchidikiro, mulekeni apite, za kumunda mugawane. Atachira, apite kukaonedwa pa tsiku lachitatu, pakati pa sabata yoyamba ndi yachiwiri, ndi pa masabata 6. Mayi amene anadwalapo preeclampsia aziyezetsa BP chaka ndi chaka, chifukwa matenda a BP ndi a mtima amakonda kumutsata akamakula, ndipo pa mimba yotsatira akanene kusikelo pa ulendo woyamba.

Pomaliza ndikupempha za magazi. Ambiri mwa magazi amene amapulumutsa amayi athu amachokera kwa ana asukulu za sekondale ndi makoleji, ndipo sukulu zikatsekera amasowa. Munthu wamkulu wathanzi amapereka pafupifupi theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. A Malawi Blood Transfusion Service akabwera pa tchalitchi, pa mzikiti kapena pa msika wa kwanuko, inu abambo ndi achinyamata a ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, pitani mukapereke, ndipo mutenge anzanu.